Ulusi wa a Veronika sudaduke wokha

Sendera kuno, Tadala, ukhale mbali iyi, khutu linalo lidapita kale. Ulembe momwe ndikunenera. Usakonze, zokonzazo ukachite kusukulu kwanu.

Yamba ndi kuti a Veronika tawaika sabata yathayi. Ulembenso kuti tsiku la maliro, kuseri kwa nyumba komwe amayi amatsuka mbale, ndidamva kamtsikana kena kakufunsa mnzake kuti, paja awa ndi agogo aja mkanda wawo udaduka m'tchalitchi? Ndiye onse gwa, kuseka. Kamwana koti nthawi imeneyo kadali kasanabadwe n'komwe. Ine mtima udandiwawa. Munthu watunga mikanda moyo wake wonse, akazi a mbali yonse ino kuyambira kuno mpaka ku Malomo avala za m'manja mwake, koma chomwe chatsala m'kamwa mwa anthu ndi tsiku limodzi lokhalo. Ndiye ndikufuna zilembedwe kuti ulusi wa a Veronika sudadukepo wokha. Ine ndidali pomwepo, phewa langa likukhudza lawo.

Koma dikira, ndifikako. Uyambe wawadziwa munthuyo.

Iwo sadali akuno. Adachokera ku Phalombe ndi amuna awo pa lole ya esiteti, zija zimakatenga matenanti a fodya. Adalima fodya wa eni ake mpaka msana kupindika. Ana awo awiri adatsala komweko kuesiteti, m'manda. Amuna awo atamwalira, eni esiteti adati nyumbayo ikufunika banja lina lamphamvu. A kumpingo ndiwo adawapemphera kamalo aka kuseri kwa nyumba yangayi. Adafika ndi mphasa, poto, ndi lichero lokutidwa ndi nsalu. Ine ndimati mulicheromo muli ufa. Mudali mikanda.

Iwe udawapeza atakalamba, maso akuchita kuyandikitsa ulusi pamphuno. Ukadawaona kale. Kukacha, akasesa, ankayala mphasa pansi pa mango uja, miyendo tambalale, lichero pamiyendo. Timabotolo ta mankhwala a kuchipatala tidali ndandanda pambali, kena ka mikanda yofiira, kena yoyera, kena yakuda, kena ya buluu. Singano sankaifuna. Ankapaka phula la njuchi kunsonga kwa ulusi mpaka kuuma ngati munga, basi n'kumatola timikanda tating'ono ngati mawere, osayang'ana n'komwe, pakamwa pali pa nkhani za eni ake. Miseche ankaikonda, zimenezo usabise. Anthu onse a m'mudzi muno adapita mulichero limenelo.

Mikandayo sankapanga okha, ayi. Ndani angaumbe galasi pakhomo? Inkachokera kumafakitale akunja, m'timapaketi. Kale ankagula kwa amwenye, pambuyo pake ku Mponela, ndipo nthawi zina ankakwera minibasi mpaka ku Dzaleka. Kumeneko adali ndi mnzawo mayi wa ku Congo wogulitsa tizitsulo topindika tokolekera ndolo m'khutu ndi tina totsekera mkanda kumbuyo kwa khosi. Chilankhulo sankamvana bwino, koma ankakhala tsiku lonse akuseka, awa atanyamula mtedza, awo tizitsulo. Ndiye usalembe kuti ankadana ndi za makina. Ankanena okha kuti makina ali ndi ntchito yake, amadziwa kubowola kabowo koti munthu sungakaone, ndipo ulemu wake aupatse. Chomwe makina sadziwa ndi khosi la munthu. Ankati kufakitale kulibe amene adaonapo chiuno cha mkazi wa ku Ntchisi atabereka kanayi, nanga angamuyese bwanji?

Iwo ankayesa ndi luzi. Ukabwera kudzapempha mkanda, ankakulowetsa m'nyumba, n'kukuzunguliza luzi m'khosi kapena m'chiuno, n'kumanga mfundo. Luzilo ankalikoleka pamsomali ndipo ankadziwa kuti ili ndi la uje, ili la uje. Akakumana nawe kudambo patapita chaka ankangoti wanenepatu iwe, luzi lako lija silikukwananso.

Koma chomwe ankanyadira kwenikweni chidali ulusi. Wa m'sitolo ankati ndi wosokera mabatani. Iwo ankatenga tayala lakutha la galimoto, n'kumalisenda ndi kalezala, n'kusolola ulusi uja umakhala m'kati mwake. Ankauphatikiza pawiri, kuupota pantchafu, kuupaka phula. Kalezalako sikankachoka pamfundo ya chitenje chawo, ngakhale popita ku Misa. Akamaliza mkanda ankakupatsa kuti ukoke ndi manja awiri. Anyamata ankabwera kudzayesa mphamvu, n'kubwerera zala zitachekeka. Dzina lawo lonse lidali pamenepo. Mkazi akati wavala za a Veronika, ankalima, kusenza nkhuni, kuvina, osagwira m'chiuno kuti mwina zamasuka.

Ine ndidayambana nawo kambirimbiri, koma nkhondo yathu yaikulu idali ya nkhuku. Nkhuku zanga zinkati zikaona lichero lija, zinkayesa mapira. Tsiku lina ndapha tambala, alendo abwera, ndikutumbula nthutumba, ndangoona timikanda tofiira waliwali. Sindikudziwa adamva bwanji. Ndidangoona afika pakhomo, manja m'chiuno.

"Anabanda, ndamva kuti mwapha wakuba wanga."

"Wakuba wanu uti?"

"Wa lipombo uja. Katundu wanga ali kuti?"

Ndidawapatsa timikandato m'chikhatho. Adatiyang'ana, n'kuti, "Nanga thumba lomwe adabisamo?" Adatenganso nthutumba. Alendo anga adadya nkhuku yopanda nthutumba, manyazi ake, iwe ukudziwa kuti mlendo akapanda kuiona amati mwamupatsa yofa yokha. Sitidalankhulane mpaka Lamulungu. Kenako adanditumizira ndolo izi ndavalazi.

Mikanda yotungiratu itayamba kubwera ku Mponela, ija ya pulasitiki yonyezimira, yotungidwa pa lasitiki, iwo sadachite mantha. Adapita kukaiona. Ankati akatenga mkanda ankayamba augogoda padzino. Wa galasi umalira, wa pulasitiki umangoti phwii. Ina yagalasi yabwino ikapezeka ankagula, n'kuidula pomwepo mnyamata wogulitsa akuona, mikanda n'kukhuthulira m'botolo, lasitiki n'kumubwezera m'manja. Mnyamatayo ankadandaula kuti agogo mukundithamangitsira makasitomala. Iwo ankamuuza kuti akasunge, akamangire kabudula.

Padali chinthu china chomwe ankachita, sindikudziwa ngati ndi cha kwawo kapena adachiyamba okha. Mtsikana akamakwatiwa, mikanda yake ya m'chiuno, ija amapatsidwa ndi alangizi ukwati utayandikira, a Veronika sankatunga yatsopano yokhayokha. Ankatuma kuti mayi wake wa mtsikanayo, kapena agogo ake, achotse kamkanda kamodzi pa yawo. Kameneko ankakaika pakati pa yatsopano ija. Ankakatcha mbewu. Ankati ya m'paketi ndi yofanana yonse, ilibe kwawo, ndiye umaikamo kamodzi kodziwa njira ya kumudzi.

Iwo eni ake mbewu yawo idali m'khosi. Mkanda wa mayi awo, wa mikanda ikuluikulu yakale, ya buluu ndi yoyera, yosalala chifukwa cha kuvalidwa. Chinthu chokhacho chomwe chidatsala cha ku Phalombe. Adautunga okha pa ulusi wawo wa tayala. Anthu ankaupempha kuti agule, iwo ankangogwira pakhosi n'kuti uwu ndiye mudzi wanga, ndikagulitsa ndikagona kuti?

Tsopano tafika. Lemba bwino apa.

Lusiya ukumudziwa, mayi ake a Chikondi, amene adasambitsa maliro aja. Nthawi imeneyo adali mtsikana, mwana wa matenanti a paesiteti yomwe ija, mayi wake atamwalira, bambo wake ali wa mowa. Mateyu, mwana wa a Nachisale, adamukonda. A Nachisale sadafune n'pang'ono pomwe. Ankati mwana wa matenanti alibe mudzi, alibe mwini, sitikudziwa adaleredwa bwanji. Adavomera pakamwa pokha chifukwa Mateyu adaumirira, koma aliyense ankadziwa kuti akungodikira kachifukwa kamodzi kuti ukwati authetse.

Lusiya adapita kwa a Veronika kukayesedwa luzi. Iwo adamuuza kuti adikire, mikanda idzabwera ndi alangizi nthawi yake ikakwana, komanso akuganizabe za mbewu poti mayi palibe. Koma mwana ndi mwana. Anzake adamutengera ku Mponela, adaona ya pinki ya lasitiki ikunyezimira, adagula. Ndipo sadangosunga, adavala. Palibe adamuuza kuti kuno mtsikana wosalangizidwa akadzigulira yekha mikanda ya m'chiuno, anthu amafunsa kuti akuvalira yani. Akadamuuza ndani?

Lamulungu lomwe ankalengeza ukwati wawo komaliza, tchalitchi chidadzaza. Ife amayi mbali yathu, abambo mbali yawo. Lusiya adakhala benchi la patsogolo pathu penipeni, ine apa, a Veronika apa. A Nachisale adali benchi lomwelo la Lusiya, chakumapeto. Akatekisiti adawerenga maina, n'kuti eni akewo aimirire anthu awaone, ngati pali wodziwa choletsa anene. Mateyu adaimirira uko. Lusiya adadzuka.

Ndidamva kuti thu. Kenako pasimenti wayawaya.

Iwe, mikanda ikamagwa pasimenti m'tchalitchi muli zii, imamveka ngati matalala pamalata. Ndidaona timikanda ta pinki tikutuluka pansi pa chitenje cha mwanayo. Iye adangouma, manja ali pamimba. Mitu idayamba kutembenuka, ya abambo yomwe.

Sindidaone nthawi yomwe a Veronika adamasula mfundo ya chitenje. Ndidangoona dzanja lapita pakhosi, kalezala kali pakati pa zala. Ulusi uja sudalole msanga, adachita kucheka kawiri, mpaka kudzicheka chala. Ndiye adaimirira, n'kuweramira kutsogolo dala kuti mikanda igwere kumapazi a Lusiya. Ikuluikulu ija idagwa ndi phokoso lake, kugubuduka mpaka kuguwa, ina mbali ya abambo.

"Mayo ine, mkanda wanga," adatero mokweza. "Ana inu, tanditolerani."

Tchalitchi chonse chidaseka. Wina kumbuyo adati, "Si uja saduka uja?" Ana adathamanga pansi pa mabenchi. Akatekisiti adagogoda patebulo, iwonso akubisa kuseka. A Veronika adagwada pansi, n'kumakokolola ndi manja mikanda yonse, yawo ndi ya pinki yomwe, kuponya pachitenje msangamsanga, uku akumukankha Lusiya ndi chigongono kuti khala pansi iwe. Magazi a chala adawapukutira m'mpango. Ine ndidaponda timikanda ta pinki tomwe tidali pafupi nane, osasuntha phazi mpaka Misa kutha.

Choletsa palibe adanena. Ukwati udachitika.

Koma a Veronika adalipira. Mikanda ya mayi awo sidabwerere yonse. Ina ana adapita nayo m'matumba, ina idalowa m'ming'alu ya simenti, ina idaseseredwa kunja. Yomwe idatsala sidakwanenso khosi, adangotunga kachibangili ka padzanja, kaja udawaona nako. Ndipo mbiri idathamanga kuposa minibasi. Pamjigo, kuchigayo, kumsika wa ku Malomo, nkhani idali yomweyo, ulusi wa a Veronika waduka pamaso pa mpingo. Amayi adayamba kunena kuti ngati wa iwowo ukuduka, bwanji osangogula wa ku Mponela, wotchipa, wosadikira. Mnyamata wogulitsa uja adawafunsa pagulu kuti agogo, lasitiki uja mukumufuna tsopano? Misomali ya luzi ija idayamba kukhala yopanda kanthu. Ena okhulupirika ankabwerabe, koma akapatsidwa mkanda kuti akoke, ankakoka akumwetulira chamseri. Zimenezo ndiye zinkawapweteka kuposa njala. Ndinkawaona nsagwada zikulimba.

Ine ndidapsa mtima. Ndidapita pansi pa mango paja.

"A Veronika, ine ndinena."

"Munena chiyani?"

"Zomwe ndidaona. Kalezala."

"Mudaona ndi maso ati, omwe aja mumalephera nawo kuona nkhuku zanu zikundibera?"

"Musandiseke. Anthu akukunyozani."

Adasiya kutunga, n'kundiyang'ana. "Anabanda, mukanena, ndiye kuti amayi anga ndawamwaza pasimenti pachabe. Mwanayo ali pachitengwa, alibe kothawira. Ine dzina ndidya nalo chiyani? Khalani pansi mundigwirire ulusi uwu."

Ndidakhala pansi. Ndidagwira ulusi. Zaka zonsezi.

Ulembenso ichi, ndidatsala pang'ono kuiwala. Mikanda yeniyeni ya Lusiya, yomwe alangizi adakamupatsa, a Veronika adaitunga ndi manja omwewo, chala chili chomanga. Yofiira, yoyera, yakuda, ya m'paketi. Pakati pake adaikapo umodzi wa buluu waukulu, wa ku Phalombe. Mbewu idapezeka.

Sadali mngelo, usawalembe ngati woyera wa pachithunzi. Adali aliuma. Mkazi akabwera ndi mitundu yake m'mutu, ankamuuza kuti khungu lako silikugwirizana nayo, n'kutunga yomwe afuna iwo. Ana akayandikira lichero ankawakwapula ndi luzi. Maso atayamba kufooka ankakana kuti sakuona, ankasakaniza yakuda ndi ya buluu, ukawauza ankati ndi sitayilo yatsopano. Lusiya ankabwera kudzawasankhira mitundu m'mabotolo, kuwatungira madzi, kuwazira nyumba. Anthu ankati mtengwa wa a Nachisale ndi wachifundo. Awiriwo za tsiku lija sadakambiranepo, Lusiya wandiuza yekha. Ankati akayamba, iwo ankamutuma phula.

Tsopano za m'siwa. Tidalimo ine, Lusiya, ndi a Nachisale, amene pano akuyendera ndodo. Lusiya akusambitsa thupi, adafika padzanja pali kachibangili kaja, adalephera. Adakhala pansi n'kuyamba kulira kwenikweni, osati kwa mwambo. A Nachisale adamuyang'ana. Kenako adati, "Mkanda uja udali wa pinki."

Lusiya adadzutsa mutu.

"Kamodzi kadagubudukira paphazi langa," adatero a Nachisale. "Ndidakatola. Kopepuka ngati njere ya therere. Veronika pulasitiki m'khosi? Munthu wogogoda mikanda padzino?"

Lusiya adati, "Amayi, mumadziwa?"

"Ndidakalamba liti kuti ndisadziwe?"

Ine ndidalephera kudzigwira, ngakhale pamaliro. Ndidati, "Nanga inu mumafuna chifukwa, chifukwa chidakugwerani paphazi, bwanji simudaimirire?"

"Ndinkati mwanayu alibe mwini," adatero a Nachisale. "Ndiye ndidaona munthu akudula mayi ake chifukwa cha iye. Ndikadati chiyani? Mwini adalipo."

"Ndiye mudasiya anthu akuwaseka zaka zonsezi?"

"Inunso mudasiya, Anabanda. Ndikadatsegula pakamwa ndikadavula mpongozi wanga pagulu. Tonse Veronika adatimanga ndi ulusi umodzi."

Adanena zoona.

Mawa lake ndidamuuza Lusiya zomwe tiatsikana tija tinkaseka kuseri kwa nyumba. Iye adati, "Agogo, ine ndili ndi ana akuluakulu tsopano. Manyazi a mikanda ya pinki angandichitenso chiyani? Uzani Tadala alembe, dzina langa alembe lonse. Ndikawerengetsa ku limana, kumsonkhano wathu wa mpingo uja, amayi onse ali pomwepo, ndipo ndidzaimirira ngati tsiku lija." A Nachisale ati nawonso adzapita, wina akawagwira dzanja. Ndiye ukamaliza ukampatse Lusiya pepalalo. Ulembe zilembo zikuluzikulu, wowerenga wa ku limana maso ake ndi ngati anga.

Kachibangili kaja sitidawaike nako. Kali ndi Lusiya. Ati Chikondi akamadzakwatiwa, mbewu ichokera pamenepo.

Dzulo ndidapita kuseriko. Chitseko adamanga ndi waya. Pansi pa mango palibe adasesa, masamba adzaza, koma pomwe pankakhala mphasa pakuonekabe, dothi lake ndi losalala. Nkhuku zanga zikupalasa pomwepo momasuka, palibe wozigenda. Mvula ya usiku uja yafukula timikanda m'dothi, tofiira, toyera, apa ndi apo, ta zaka ndi zaka. Tayala lija lili chotsamira khoma, losendedwa theka. Phula likadali pamtengo wa khonde pomwe ankalimata, chala chawo chidadinda pakati. Pamsomali pali ulusi umodzi wopotapota, wopaka kale, woti sadautungire kanthu.

Ndidaukulunga m'manja onse awiri, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse.

Taona chalachi. Ulusiwo ukadali pamsomali pomwepo.